Palembedwa 100Ah, koma m'katimo muli angati? Mafunso ndi mayankho pa kusankha electronic load mu komboni

M'makomboni a Lusaka batire lasanduka katundu wa m'nyumba, mofanana ndi mbaula kapena chigubu cha madzi. Magetsi ambiri a Zambia, kuposa 80 peresenti, amachokera ku madzi, ndipo mvula ikavuta madzi a ku Kariba ndi ku Kafue amatsika, ZESCO n'kuyamba kugawa magetsi mosinthana. Zinachitika mu 2015, zinabwereza mu 2019, koma chaka cha 2024 chinaposa zonsezi. Pa 29 February chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika pokhala ngozi ya dziko lonse, ndipo pofika September makomo ambiri ankaona malaiti kwa maola atatu okha patsiku. Ometa tsitsi ku Chawama, ogulitsa nkhuku za mufiriji ku Matero, otchaja mafoni ku Kanyama, onse anathamangira mabatire, mapanelo a sola ndi mainveta, ena atsopano, ena ogwiritsidwapo kale ntchito. Katundu yenseyu amagulidwa ndi chikhulupiriro pa nambala yolembedwa pa chikwama chake, ndipo nambalayo siyesedwa.

Mmisiri amene ali ndi kathebulo kake kokonzerapo zamagetsi kunyumba kapena pa kantemba angathe kuiyesa nambalayo ngati ali ndi chipangizo chotchedwa electronic load, chomwe pano tizingochitcha lodi. Mfundo ya nkhani ino ndi imodzi. Lodi yoyenera mu komboni ndi imene ingamalize mayeso a maola ambiri osapsa, osazima magetsi akathima, n'kudziimitsa yokha pa nthawi yake. Dzina la kampani ndi kuchuluka kwa manambala pa sikirini zimabwera pambuyo.

Kodi lodi ndi chiyani, ndipo imachita chiyani?

Zipangizo zambiri za pa thebulo la mmisiri zimapereka magetsi kapena kuwayeza. Lodi imawadya. Mukailumikiza ku batire, ku tchaja kapena ku panelo, imakoka magetsi pa mlingo umene mwaiuza, n'kuwasandutsa kutentha komwe fani imakupizira kunja. M'kati mwake muli transistor ya mtundu wa MOSFET yomangidwa pa chitsulo chochotsa kutentha, resistor yaing'ono kwambiri yoyezera magetsi odutsa, ndi dera lomwe limafanizira zimene zikudutsa ndi zimene mwapempha. Batire likafooka, deralo limatsegula MOSFET mowonjezera kuti maampu akhale omwewo, ngati munthu amene akuwonjezera kutsegula mpope pamene madzi akuchepa mphamvu kuti ndowa idzazebe pa liwiro lomwelo.

Malodi ambiri amalembedwa njira zinayi zogwirira ntchito. CC imasunga maampu osasintha, ndipo ndiyo imene imagwiritsidwa ntchito pa mabatire ndi matchaja pafupifupi nthawi zonse. CV imasunga mavoti osasintha, yothandiza pa mapanelo a sola ndi poyesa tchaja ngati kuti yalumikizidwa ku batire. CP imasunga mawati osasintha, motero imatsanzira inveta, yomwe imakoka maampu ochuluka batire likamatsika. CR imatsanzira resistor wamba, ndipo mmisiri wa mu komboni angathe chaka osaikhudza. Chofunika kuposa zilembo zonsezi ndi chakuti lodi iziwerengera yokha Ah ndi Wh zomwe yameza, komanso ikhale ndi malo oikirapo mavoti amene ikafika isiye kukoka. Lodi yopanda ziwirizi ndi chitofu chabe.

Ndili ndi multimeter, ndipo ikuonetsa mavoti 12.7. Kodi zimenezi sizikukwanira?

Ayi. Mavoti 12.6 kapena 12.7 pa batire la asidi lomwe lapuma amangonena kuti batirelo ladzaza. Sanena kukula kwa malo amene adzazawo. Chigubu cha malita 20 chimene pansi pake paundana matope mpaka pakati chimaonekabe chodzaza mukasuzumira pakamwa, koma madzi ake satha kuchapa zovala za banja. Batire lokalamba, limene mbale zake zamera sulphate chifukwa chokhala nthawi yaitali losatchajidwa mokwanira, limachita chimodzimodzi. Limadzaza msanga, mwini n'kumasangalala kuti likutchaja mwachangu, kenako limatha TV isanamalize nkhani za madzulo.

Ena amadalira choyezera mabatire a galimoto, chija chokhala ndi waya wokhuthala amene amafiira m'kati mukakanikiza batani kwa masekondi 10. Chimenecho chimayankha funso lina, loti batire lingalize injini kapena ayi. Batire la sola silifunsidwa maampu mazana kwa kamphindi. Limafunsidwa maampu ochepa usiku wonse. Opanga mabatire a asidi kawirikawiri amalemba Ah pa mlingo wa maola 20, kutanthauza kuti la 100Ah liyenera kupereka maampu 5 kwa maola 20 lisanatsike kufika pa mavoti 10.5. Palibe njira yachidule yodalirika yotsimikizira zimenezi kupatula kulikhuthula ndithu n'kuwerenga zomwe zatulukamo. Ndipo liwiro lokhuthulira lili ndi ntchito. Wilhelm Peukert wa ku Germany anaonetsa mu 1897 kuti batire la mtovu likakokedwa mwamphamvu limapereka Ah zochepa kuposa likakokedwa pang'onopang'ono. Amene angayese la 100Ah pa maampu 20 kuti amalize msanga adzapeza nambala yotsika, n'kulinamizira batire losalakwa.

Babu la galimoto limadyanso magetsi. Bwanji osangogwiritsa ntchito ilo?

Funso ili ndi lomveka, ndipo sitiyenera kulinyoza. Babu la kutsogolo kwa galimoto la mawati 55 limakoka maampu pafupifupi 4.5 pa batire la mavoti 12, zomwe zikuyandikira kwambiri maampu 5 aja. Munthu wokhala ndi babu, multimeter, wotchi ndi kope akhoza kusiyanitsa batire labwino ndi lakufa, ndipo amene amayesa batire limodzi pachaka alibe chifukwa chogulira china chilichonse.

Vuto limabwera ntchito ikachuluka. Choyamba, maampu a babu amatsika limodzi ndi mavoti, choncho kuti mupeze Ah muyenera kulemba mlingo kawirikawiri n'kuwonkhetsa pamapeto, kwa maola 20, usiku womwe. Chachiwiri, ndipo ichi n'chachikulu, babu silidziwa kuleka. Mukagona pa ola la 15, limapitiriza kuyamwa mpaka batire litatsika pa mavoti 8, 5, kapena kutheratu, ndipo batire la kasitomala limene linabwera lodwala limabwerera lovulala. Pa maselo a lithiamu ndiye zimaipiratu, chifukwa selo lotsitsidwa kwambiri kupyola mavoti 2.5 likhoza kuwonongeka m'kati mwanjira yosaoneka, n'kudzakhala loopsa potchajanso. Chachitatu ndi nkhani ya malonda. Wogula batire logwiritsidwapo ntchito ndi wogulitsa akamakangana, mawu oti babu linayaka mpaka m'bandakucha sathetsa mkangano. Chithunzi cha sikirini yolembedwa 43Ah pa batire lolembedwa 100Ah chimauthetsa. Thumba la makala timaligwedeza kuti tione ngati pansi pali fumbi lokhalokha, ndipo lodi ndiyo njira yokhayo yogwedezera batire pamaso pa onse awiri.

Pa manambala atatu olembedwa pa lodi, mavoti, maampu ndi mawati, ndiyang'ane iti?

Yambani ndi mawati, chifukwa m'menemo ndi mobisala msampha. Taonani Rigol DL3021, lodi yolemekezeka ya pa thebulo. Imalembedwa mavoti 150, maampu 40, mawati 200. Wowerenga mwachangu angaganize kuti ingakoke maampu 40 pa batire lililonse, koma 150 kuchulukitsa ndi 40 ndi mawati 6,000, pamene malire ake ndi 200. Manambala atatuwa ndi mipanda itatu, ndipo mumaima pa umene mwayamba kuugunda. Pa batire la mavoti 12 lodi imeneyi imalekera pa maampu pafupifupi 16. Pa mavoti 48 imalekera pa maampu 4. Maampu 40 aja amapezeka pokhapokha mavoti ali 5 kapena kucheperapo. Siglent SDL1020X-E, ya mavoti 150, maampu 30 ndi mawati 200, ili m'gulu lomwelo, pamene Korad KEL103, ya mavoti 120, maampu 30 ndi mawati 300, ingafike pa maampu pafupifupi 23 pa batire la mavoti 12.8.

Choncho kusankha kumayamba ndi pensulo, musanatsegule tsamba lililonse la malonda. Lembani batire lalikulu kwambiri limene mumalandira. La asidi la 100Ah limafuna maampu 5, ndiye kuti mawati oposa 60 pang'ono kwa maola 20. La 200Ah limafuna maampu 10, mawati pafupifupi 125. Apa lodi ya mawati 150 yayandikira kale malire ake, ndipo ikhala pomwepo usana ndi usiku. Batire la lithiamu la LiFePO4 la mavoti 12.8 ndi 100Ah likayesedwa pa maampu 20 limafuna mawati pafupifupi 260, koma pano pali mpumulo, chifukwa lithiamu sasintha kwambiri Ah zake malinga ndi liwiro. Kuliyesa pa maampu 10 kwa maola 10 kumapereka yankho loyandikira kwambiri, ndipo lodi yaing'ono imakwanitsa.

Wina anganene kuti inveta zambiri za masiku ano ndi za mavoti 24 kapena 48, ndiye pafunika lodi yaikulu. Pa mabatire a asidi olumikizidwa mondondozana yankho ndi kuwamasula n'kuyesa limodzilimodzi. Kumatenga masiku, koma ndi kumene kumaonetsa batire limodzi lofooka lomwe likukokera anzake pansi, chinthu chimene kuyesa onse pamodzi kumabisa. Bokosi la lithiamu la mavoti 48 losatsegulika ndi nkhani ina. Liri ndi mphamvu ya pafupifupi 5 kWh, ndipo lodi ya mawati 150 ingalikhuthule kwa maola oposa 30. Amene ntchito yake yaikulu ndi imeneyo afunika lodi ya mawati 300 kapena 400.

Pa mawati amene mwapeza, onjezani theka lina. Nambala ya pa bokosi imaganizira chipinda chozizira bwino, osati chipinda cha malata mu October ku Mtendere, fumbi litamata pa fani.

Ndiye ndigule ya pa thebulo ya madola mazana angapo, kapena kabolodi kotchipa ka pa AliExpress?

Apa ndi pamene malangizo olembedwera anthu a ku Ulaya ndi ku America amasocheretsa. Iwo amakambirana za liwiro losinthira maampu, kulumikiza ku kompyuta, ndi manambala anayi kuseri kwa dontho. Zonsezi n'zenizeni, ndipo wopanga madera a magetsi amazifuna kuti aone mmene power supply yake imachitira katundu akasintha mwadzidzidzi. Ophunzira uinjiniya pa University of Zambia, kufupi ndi Kalingalinga, ayenera kuphunzira pa zida zotere. Koma funso limene limafika pa thebulo la mu komboni ndi lakuti batire ili ndi la 100Ah kapena la 40Ah, ndipo kulakwitsa kwa 1 kapena 2 peresenti sikusintha yankho.

Chimene malangizo akunjawo satchula n'chakuti lodi nayonso imafuna magetsi akeake oyendetsera fani, sikirini ndi ubongo wake. Malodi a pa thebulo amadya mavoti 230 a pa soketi. Mayeso a maola 20 m'dera limene malaiti amabwera maola ochepa patsiku sangathe, pokhapokha lodiyo mutaiika pa inveta yanu, n'kumadya batire lanu usiku wonse kuti muyese la wina. Magetsi akathima pakati pa mayeso, kuwerengera kumaduka. Ngakhale mutapitiriza mawa, batire lapuma ndipo lachira pang'ono, kotero nambala yotsiriza siikhalanso ya mayeso a maola 20. Timabolodi ngati Atorch DL24, tomwe timagulitsidwa ngati ta mawati 150 kapena kuposerapo pang'ono, timayendera adaputa ya mavoti 12, ndiye kuti tingayendere kabatire kena kapadera popanda kudikira ZESCO. Kwa mmisiri wa ku George kapena ku Kanyama, kusiyana kumeneku n'kolemera kuposa zonse zolembedwa m'buku la malonda.

Chenjezo ndi lakuti musayendetse lodi ndi batire lomwe mukuyesalo. Fani idzadya magetsi amene sakuwerengedwa, lodi idzafooka pa nthawi imene ikufunika kwambiri, ndipo pa mabolodi ena mawaya a negative a mbali ziwirizi ndi olumikizana m'kati, zomwe zingasokoneze muyeso.

Tsono ndi mmisiri uti amene ayenera kupitirira kabolodi? Ndi amene amayesa tsiku ndi tsiku mabatire aakulu, amene amaika masola m'nyumba za anthu n'kupereka chitsimikizo cholembedwa, kapena amene amakonza mapower supply ndi matchaja a mainveta. Kwa iye lodi ya gulu la KEL103 ili ndi malo, ndipo aiwerengere limodzi ndi inveta yoiyendetsera, mtengo wotumizira katundu wolemera, ndi msonkho wa ZRA. Wongoyamba kumene, amene ntchito yake ndi maselo a m'malaputopu ndi mapower bank, ngakhale ZB2L3, kabolodi kakang'ono kogwira ndi maresistor akunja mpaka mavoti 15 ndi maampu 3, kamamuphunzitsa zambiri pa ndalama zochepa kwambiri.

Koma akuti zotchipazi zimapsa. Si zoona kodi?

Ndi zoona, ndipo chifukwa chake chiyenera kumveka bwino, chifukwa ndicho chimauza mmene mungazigwiritsire ntchito. MOSFET zambiri zinapangidwa kuti zikhale swichi, zotseguka kotheratu kapena zotsekeka kotheratu, pamene sizitentha kwenikweni. M'lodi MOSFET imakhala yotseguka mwatheka kwa maola, itasenza mavoti ndi maampu nthawi imodzi, ndipo kutentha kumatha kuunjikana pa kachigawo kamodzi ka m'kati mpaka kuboola. Mavoti akakwera ngoziyo imakulanso, kotero mawati 100 pa mavoti 48 ndi olemera kwa MOSFET kuposa mawati 100 pa mavoti 12. Malodi a pa thebulo amagawa ntchitoyi pa maMOSFET angapo, iliyonse ndi dera lake loiyang'anira. Kabolodi kotchipa kawirikawiri kamaika zonse pa imodzi, pansi pa fani yofanana ndi ya purosesa ya kompyuta.

Choopsa n'chakuti MOSFET ikafa nthawi zambiri imafa yolumikiza, ngati waya. Batire la 100Ah likakumana ndi njira yotere limatulutsa maampu mazana, mawaya amasungunuka, ndipo izi zikhoza kuchitika 2 koloko usiku m'nyumba ya zipinda ziwiri momwe ana agona. Kulumikiza mosemphanitsa positive ndi negative kumachita zofanana m'kuphethira kwa diso pa lodi yopanda chitetezo. Yankho silodula. Ikani fyuzi ya galimoto pa waya wa positive pafupi ndi batire penipeni, yokulirapo pang'ono kuposa maampu a mayeso, monga ya maampu 10 pa mayeso a maampu 5. Ikani lodi pa simenti kapena pa chitsulo, kutali ndi makatani. Musaipitirize pa magawo awiri mwa atatu a mawati olembedwa ngati mayeso ndi aatali. Ndipo sungani MOSFET yapadera ndi mafuta ake opakira, chifukwa ubwino umodzi wa kabolodi ndi wakuti mmisiri aliyense wodziwa kusodera angakakonze madzulo amodzi, pamene lodi ya pa thebulo ikawonongeka zida zake zosinthira zimachokera kutali. Fyuziyo ikufunika ngakhale pa lodi yodula.

N'chifukwa chiyani malodi ena ali ndi polumikizira panayi m'malo mwa pawiri?

Chifukwa waya nawonso amadya mavoti. Tiyerekeze kuti mawaya anu ndi tizopanira take zonse pamodzi zili ndi 0.05 ohm, zomwe sizachilendo pa mawaya owonda a pamsika. Pa maampu 10, mavoti 0.5 amatayika m'njira. Lodi imene ikuyezera pa pakamwa pake idzaona 10.5 pamene batire likadali pa 11.0, idzaima msanga, ndipo batire labwino lidzaweruzidwa kuti latha. Pa selo limodzi la lithiamu, limene ulendo wake wonse ndi wochokera pa mavoti 4.2 kufika pa 3.0 kapena kutsikirapo pang'ono, ngakhale mavoti 0.2 otayika ndi gawo looneka.

Njira ya mawaya anayi, yotchedwa ndi dzina la Lord Kelvin, imathetsa izi. Mawaya awiri okhuthala amanyamula maampu, awiri owonda amapita paokha mpaka pa mitu ya batire kukayeza mavoti, ndipo poti sadutsitsa magetsi ochuluka sataya kanthu. Lodi yopanda polumikizira pamenepa musaigule ngati mukufuna kupitirira maampu 2 kapena 3. Mukailandira, ifanizireni ndi multimeter yanu pa mavoti ndi pa maampu, n'kulemba kusiyana kwake pa kapepala komata pambali.

Nanga mapower bank, maselo a 18650 ndi mapanelo?

Pa power bank pali masamu amene amayambanitsa anthu pachabe. Nambala ya 20,000mAh imanena za maselo a m'kati pa mavoti 3.7, zomwe ndi 74Wh. Potulukira pa USB pali mavoti 5, ndiye ngakhale popanda kutaya kalikonse mungapeze 14,800mAh zokha, ndipo dera lokwezera mavoti likadyako gawo lake mumatsala ndi 12,000 kapena 13,000. Power bank yotere ndi yoona. Yonama ndi imene ikupereka 4,000. Choncho werengani Wh, osati mAh. Kuti lodi ikoke pa mavoti 9 kapena 12 a tchaja yothamanga pamafunika kachida kena kopempha mavotiwo pa njira zotchajira mwachangu zotchedwa QC kapena PD, chifukwa popanda iko tchaja imangopereka 5.

Maselo a 18650, otchedwa choncho chifukwa ndi a mamilimita 18 m'mimba ndi 65 m'litali, ndiwo mtima wa ntchito yambiri ya mu komboni, popeza amachotsedwa m'mabatire akufa a malaputopu n'kumangidwanso kukhala mabatire a nyale, mawailesi ndi marauta. Maselo enieni a makampani ngati Samsung, LG ndi Panasonic amalekera cha pa 3,500mAh. Lolembedwa 9,900mAh ndi bodza losafuna n'komwe lodi kuti lidziwike, ndipo nthawi zambiri sikelo imaliulula, poti lenileni limalemera magalamu 45 kapena kupitirira pang'ono. Ntchito ya lodi apa ndi kusanja maselo akale kuti ofanana mphamvu akhale pamodzi. Amene ali ndi maselo 60 oti ayese adzapeza kuti timabolodi tinayi tating'ono timamuthandiza kuposa lodi imodzi yaikulu, chifukwa chimene chikumusowa ndi nthawi, osati mawati.

Panelo ndi yosiyana. Multimeter imapereka mavoti a panelo yosalumikizidwa, pafupifupi 21 kapena 22 pa ya maselo 36, koma siinena mawati. Ndi lodi pa CV mungatsitse mavoti pang'onopang'ono masana dzuwa lili paliwombo, n'kuona pamene mawati afika pachimake, kawirikawiri cha pa mavoti 17 kapena 18. Musayembekezere nambala yonse ya kuseri kwa panelo, chifukwa inayezedwa pa kuwala kwa mawati 1,000 pa mita imodzi mbali zonse, maselo ali pa madigiri 25, pamene panelo ya padenga la malata imatentha kuposa apo ndipo imataya cha pa 0.4 peresenti pa digiri iliyonse yowonjezera. Ya mawati 100 yopereka 80 ili bwino. Yopereka 45 kunja kopanda mtambo ili ndi mlandu. Mapanelo aakulu a mawati 400 kapena 550 asayandikire lodi ya mawati 150. Ndipo lodi ya DC isalumikizidwe konse ku mavoti 230 otuluka mu inveta.

Kodi ndingadzipangire ndekha?

Inde, ndipo ndi phunziro labwino. Op-amp ya LM358, MOSFET yaikulu ngati IRFP250, resistor yoyezera, chitsulo ndi fani zochotsedwa m'kompyuta yakufa zimapanga lodi ya CC ya mawati 30 mpaka 50 yoyesera matchaja. Koma ilibe chowerengera Ah ndipo siidziimitsa, ndiye pa mabatire mwabwerera ku vuto la babu lija. Kuwonjezera ziwirizi ndi Arduino n'kotheka, kungoti mtengo wa zida ukawonkhetsedwa umayandikira wa kabolodi kogula kale.

Mayeso atha. Ndichite chiyani ndi batirelo?

Litchajeni nthawi yomweyo. Batire la asidi losiyidwa pa mavoti 10.5 kwa masiku awiri kapena atatu limayamba kuuma sulphate, ndipo mayeso amene amafuna kuliteteza amakhala aliwononga. M'dera limene magetsi amagawidwa mosinthana izi zikutanthauza kuwerengera chammbuyo. Mayeso a maola 20 oyambika 11 koloko m'mawa amatha cha m'ma 7 koloko mawa lake, dzuwa likuyamba kumene kufika pa panelo, ndipo batire lofooka lidzatha usiku koma silidzadikira tsiku lathunthu. Mayeso athunthu otere asachitike kawirikawiri pa batire limodzi, chifukwa kukhuthula kotheratu kulikonse kumachotsako moyo wake. Kamodzi pogula, ndi kamodzi pamene layamba kukayikitsa, n'kokwanira.

M'mafakitale batire limatengedwa kuti lakalamba likatsika pa 80 peresenti ya Ah zolembedwa. Mu komboni malire amenewo ndi okhwima kwambiri, chifukwa la 100Ah lotsala ndi 60Ah lingayatsebe mababu a LED ndi kutchaja mafoni kwa nthawi ndithu, malinga ligulitsidwe pa mtengo wa 60Ah, nambalayo italembedwa pa chikwama chake ndi deti la mayeso. Lotsala ndi 20 kapena 30 lapita. Limenelo lipite kwa ogula mabatire akale lili lathunthu, losaboola, asidi wake ali momwemo, losaswedwa kuseri kwa nyumba kuti mtovu usungunulidwe pa mbaula. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, ndipo ana obadwa ku Kasanda ndi ku Makululu zaka zambiri pambuyo pake akupezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi.